Tsiku Limene Ndinathawa Apongozi pa Lole

Mwana wanga wa ku Lusaka akabwera kudzationa, sachedwa kuyamba kudandaula za mabasi a m'tauni. Ati muli zidakwa, muli oponda anzawo, olavula paliponse, olendewera pakhomo basi ikuthamanga. Ine ndimangogwedeza mutu osathirirapo ndemanga, ndipo iye amayesa ndi ukalamba. Si ukalamba ayi, ndi manyazi. Zonse amatchulazo, kupatula mowa wokha, ndinazichita ine bambo wake pa ulendo umodzi, ndipo ndinatsika galimoto isanaime.

Zinachitika zaka za m'ma 1920 zikupita kumapeto. Ndinali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, wa zaka zochepa koma mafunso ambiri, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga kufupi ndi Mkaika. Amishoni anali atandiuza kuti ndikatsegule sukulu ina kutali, cha ku Vubwi. Kupita ndekha sindinkafuna. Ndinapempha chitengwa, kuti mkazi wanga achoke pamudzi pa amayi ake tikakhalire limodzi kumeneko. Atsibweni ake anati iwo alibe mawu, mawu ali ndi mwini mwana, apongozi anga aNaphiri. Mwezi unatha aNaphiri ali chete. Tsono masiku amenewo ndinkayenda mosamala kwambiri, poopa kuti kacholakwa kakang'ono kangandilanditse mkazi.

Ana a lero simungamvetse mmene tinkaopera apongozi. Zaka ziwiri ndinalima m'munda mwawo, koma kuyang'anizana nawo maso ndi maso kunali kusanachitikepo. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kutchire n'kunjuta, iwo n'kudutsa atayang'ana kumbali. Mawu onse ankadzera kwa mkazi wanga. (Mukanandifunsa kuti mphuno yawo njotani, ndikanakunamizani.)

Nthawi imeneyo msewu wa ku Jemusoni, kumene lero mukuti Chipata, unali utangoyamba kudutsa magalimoto. Mmwenye wina wa sitolo ku Katete anali ndi lole yonyamula mtedza ndi zikopa, ndipo anthu ankaloledwa kukwera pamwamba pa matumba. Ine ndinayenera kukatenga masileti ndi mabuku a sukulu yatsopanoyo ku Jemusoni. Ndikanatha kuyenda wapansi monga mwa masiku onse, koma chidwi chinandikoka. Ndinkafuna kudziwa chimene chimakankha chinthu cholemera chotero popanda ng'ombe. Ndinanyamuka dzulo lake n'kukagona ku Katete kuti ndikayambe ndine kusankha malo.

Woyendetsa anali aSaidi, bambo wamfupi wa ku Nyasalande, wosaseka. Tisananyamuke anaima patsogolo pathu n'kupereka lamulo.

"Tamverani nonse. Mukhale pansi, mugwire chingwe. Woimirira ndimtsitsa, kaya ndi pakati pa mikango."

Ndinakhala kutsogolo kwenikweni, kumbuyo kwa kanyumba ka woyendetsa, pamene panali kazenera kosuzumirira. Lole itangobangula n'kunyamuka, ndinalowetsa mutu pakazenerapo.

"Kodi aSaidi, phazi lanulo likuponda chiyani? Nanga ikatopa mumadziwa bwanji? Madzi munaithira aja imamwera pati?"

"Aphunzitsi, sukulu mwaisiya kumudzi. Chotsani mutu."

Ndinauchotsa, koma chidwi sichinachoke. Ndinatulutsa nzimbe yanga n'kuyamba kutafuna, ndipo nditalavulira zotafunazo kutsogolo, ndinaona chodabwitsa. M'malo mogwa pansi, zinakhota m'malere n'kubwerera kumbuyo. Ndinali ndisanaonepo chinthu choponyedwa kutsogolo chikuthawira kumbuyo. Ndinabwerezanso, osati mwachipongwe, koma kuti nditsimikize. Kachitatu ndinalavulira m'mwamba kuti ndione ngati kusiyana kulipo. Pamenepo ndi pamene mkulu wina wa ndevu, aMbewe, amene anafungatira dengu la nkhuku kumbuyo kwanga, anandigwira paphewa.

"Aphunzitsi inu, nkhope yangayi mwaiyesa dzala?"

Ndevu zawo zinali mbuu. Ndinapepesa ndi manja awiri, nzimbe n'kuibisa. Zikanathera pomwepo, bwenzi lero ndikuinena nkhaniyi mosavuta.

Titafika pamphambano pamene njira yakwathu imagwera mumsewu, lole inaima. Mayi wina anakwezedwa ndi mtanga wake, ndipo poona kuti ndi munthu wamkulu, anthu anathithikana n'kumupatsa thumba labwino la kutsogolo, moyang'anizana ndi ine. Ine n'kuti maso ali pakazenera. Kenaka ndinamva mawu akuti, "Zikomo, ndikhaleko pano." Mawuwo ndinkawamva m'mawa uliwonse akuitana nkhuku kuseri kwa nkhokwe. Nditayang'ana pansi ndinaona nsalu yakuda ya chigamba chofiira, imene ndinkaidziwa bwino pachingwe choyanikira. Anali apongozi anga. (Ndinamva pambuyo pake kuti mwana wawo wamkulu, wokwatiwa kufupi ndi Jemusoni, anali atabereka, ndipo uthenga unafika ine nditachoka kale.)

Nawonso anandizindikira, pakuti anakokera nsalu kumaso msangamsanga n'kutembenuzira khosi kumbali. Maondo athu anangotsala pang'ono kugundana. Lole inanyamuka.

Ndinagwira njakata. Makolo anatiphunzitsa za panjira, za pachitsime, za kumunda, koma za pa lole palibe anatchulapo. Kodi mkamwini amapatukira kuti ngati tchire lenilenilo likuthamanga? Ndinayesa kutembenuka, koma ndinaona kuti tsopano ndawalozetsa kumbuyo kwanga, chimene chili chipongwe choposa. Ndinayesa kuwerama mutu pakati pa maondo, lole inagunda mwala, mutu wanga n'kukagunda mtanga wawo. Mumtima ndinati basi, chitengwa chapita. Munthu amene akuganizira zondipatsa mwana wake andione ndikumukhalira pamaso ngati mnzanga wa pabawo? Ndinaganiza zosamukira kumbuyo kwenikweni kwa lole, ndipo ndinaimirira.

Amene sanaimirirepo pamwamba pa matumba a mtedza galimoto ikuyenda asandiweruze. Phazi loyamba linatera pa chala cha aMbewe. Lachiwiri linalowa m'dengu lawo, nkhuku n'kuyamba kulira ngati zaona kabawi. Pofuna kudzigwira ndinagwira mutu wa munthu wina, mpango wake n'kutsalira m'manja mwanga. Lole itakhota, ndinakhala pansi mosafuna, ndipo pansi pakepo panali miphika ya mayi wina, aNabanda, imene ankapita nayo kukagulitsa. Ndinamva kuti phwa, kenaka phwa kachiwiri.

"Mayo ine, miphika yanga! Mwezi wathunthu ndikuumba!"

"Waledzera ameneyu!"

"Mphunzitsi wa mishoni kuledzera m'mawa uno? Adayamba ndi kutilavulira!"

"Khalani pansi, bambo, mutigwetsa tonse!"

Mawu amodzi akanandipulumutsa, koma pa phokoso lija ndikanayenera kukuwa, ndipo mkamwini sakuwa apongozi ali pomwepo, makamaka ngati chimene akukuwacho ndi iwo omwe. Tsono ndinangokhala duu, n'kumakwawa pa miyendo ya anthu. Iwo poona kuti sindikuyankha anati ndi mwano. ANabanda anandimenya ndi nkhata kumsana, ndipo sindiwaimba mlandu.

Nditafika kumbuyo ndinapeza kuti sizinathandize. Lole ndi yaifupi. Apongozi akanangotembenuka, ine ndi uyo. Pamenepo ndinaona kuti kunja kwa thabwa lotsekera kumbuyo kuli kachitsulo kopondapo. Ndinadutsitsa mwendo umodzi, kenaka winawo, n'kunjuta pakachitsuloko manja atagwira thabwa, mutu wosaoneka. Kunena zoona, mtima unakhala pansi. Ndinadziona ngati munthu wanzeru amene wapeza tchire pamene panalibe tchire.

Anthu ankakuwa kuti ndibwerere, ena akumenya kanyumba ka aSaidi, koma aSaidi ankayesa ndi phokoso la matumba. Ine kumeneko ndinali nditapeza sukulu ina. Pansi pa lole zonse zinkaoneka: magudumu akuzungulira, chitsulo chachitali chikupota pakati, ndi kampope kotulutsa utsi. Eya, ndinati, kodi chimene chikukankha n'chimenechi? Kuti ndione bwino kumene chitsulocho chikuchokera, ndinasiya dzanja limodzi n'kuwerama. (Inde, ndikudziwa. Mkazi wanga anandifunsa funso lomwelo kwa zaka zambiri.)

Kutsogolo kunali dambo limene okonza msewu anayalamo mitengo kuti magalimoto asamatitimire. Lole inadumpha pamtengo woyamba, ine n'kudumpha nayo. Inatera, ine sindinatere nayo. Ndinaona thambo, ndinaona udzu, ndinaonanso thambo, kenaka khu m'matope. Chigongono chinang'ambika pa chitsa, ndipo buluku langa lokhalo la kutchalitchi linang'ambika pamalo oti sindingatchule.

Ndili gone choncho, ndinamva lole ikuima patali, kenaka mapazi akuthamanga. Wina anandinyamula mutu n'kundipukuta matope kumaso ndi nsalu. Nditatsegula maso ndinaona nkhope ya mayi wachikulire, ya mphini ziwiri patsaya, maso ali ndi misozi. Ndinaiyang'ana ndithu, n'kumadzifunsa kuti mayi wachifundoyu ndani. Kenaka ndinaona chigamba chofiira.

"Atate, muli moyo? Tayankhulani!"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene apongozi anga anandiyankhula. Ndinayesa kukwawira kuudzu, iwo anandikanikiza pachifuwa.

"Khalani pomwepo! Mufuna kupitanso kuti?"

Anang'amba m'mphepete mwa nsalu yawo n'kundimanga chigongono. Apo n'kuti aSaidi afika, anthu onse ali pambuyo pawo.

"Wamisala uyu sakweranso," anatero aSaidi. "Akanafa, kwa bwanamkubwa akanakayankha ndani? Ndanena kuti woimirira ndimtsitsa. Wadzitsitsa yekha, akhale."

"Atsale!" anavomereza aNabanda.

ANaphiri anaimirira, osandiyang'ananso. "Pepani nonse. Si mowa, si misala. Uyu ndi mkamwini wanga. Amathawa ine."

AMbewe anayamba kuseka mpaka kukhala pansi mumsewu. Anthu onse anagwa nacho chiseko, ngakhale aNabanda, ngakhale kuti iwo ankaseka akutukwana. ASaidi okha ndiwo sanaseke.

"Aphunzitsi, mwandifunsa za phazi, za madzi, za kutopa. Chokhachi chofunika ndiye osafunsa? Kutsogolo kuli malo. Mukanangonena, amayiwa ndikanawaika kumeneko."

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndi matope omwe. Apongozi analowa kutsogolo n'kukhala pambali pa aSaidi, kumene ankaona zonse zimene phazi lija linkaponda. Ine anandikhazika pakati pa aMbewe ndi aNabanda, atandimanga chingwe m'chiuno ngati mbuzi yopita kumsika, zidutswa za miphika zili pamiyendo panga. Mpaka ku Jemusoni palibe funso ndinafunsa.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza nkhani yafika kale. Mkazi wanga analira kaye, kenaka anaseka, kenaka anakwiya, ndipo anandituma kukakumbira aNabanda dothi masiku atatu. Za chitengwa ndinali nditataya mtima. Ndi mayi uti angapereke mwana wake kwa munthu wogwa pa lole? Ndinayamba kuganiza zokauza amishoni kuti atume wina.

Patapita masiku, atsibweni anandiitana pansi pa mtengo, mkazi wanga ali pambali. Anakhosomola, akuoneka kuti akulimbana ndi pakamwa pawo.

"Alongo anga ayankha. Ati mwana wawo mupite naye."

Ndinawomba m'manja n'kuyamba kuthokoza kuti aona khama langa la zaka ziwiri m'munda.

"Ayi, za munda sanatchule," anatero atsibweni. "Ati mukakhala pano, tsiku lina mudzakumana nawo pachitsime, inu n'kudzawathawira m'chitsimemo. Ati safuna kupha mwana wa eni. Atinso mkazi wanuyu asamakusiyeni nokha nthawi yaitali."

Ndi mmene ndinapezera chitengwa. Ndinasangalala, koma kunyada kunalibe, ndipo nditamva apongozi akulira kuseri kwa nyumba tsiku lonyamuka, nanenso misozi inalengeza, pakuti ndinadziwa kuti apereka mwana wawo kwa chitsiru chimene anachimvera chisoni. Mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, inde, m'galimoto ndimakhala pansi, ndimagwira pogwira, nzimbe ndimadyera kunyumba. Koma aNaphiri akanati auke lero n'kudzakhala moyang'anizana nane, sindikulonjeza kuti simungandipeze ndikuyang'ana kumene kuli khomo.