Tsiku Limene Ndinamalizitsa Khoma la pa Pulasa

Mpaka lero ndikafika pa Insaca ndimazungulira kuseri kwa msika kuti ndisadutse pa pulasa, bwalo lija la kutsogolo kwa maofesi a boma. Anthu amati ndimakonda kuyenda. Ayi ndithu, ndi manyazi.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza nyumba yathu itatsala makoma atatu. Mbali yachinayi tinatseka ndi mphasa. Ine ndine mmisiri womanga, koma ntchito kunalibe, ndipo maso anga anali atatopa ndi mabwinja. Mkazi wanga, mayi a Rozita, anagulitsa mbuzi n'kugula thumba la simenti loti titsekere khomalo mvula isanagwe.

Kenako kunamveka kuti boma likufuna amisiri omanga sikola, ndiye kuti sukulu. Popita kukafunsa, ndinaona pakati pa pulasa pali chikhoma chosatha: njerwa zakale zofiira, khomo lokhota pamwamba, mbali ina yogumuka ngati mano a nkhalamba. Mumtima ndinati, nalonso boma simenti yalithera. (Panali kachitsulo kolembedwa Chipwitikizi, koma ine sukulu inandithera panjira.)

Apo zinandibwerera nzeru zija zimabwera munthu ukakhala ndi njala. Ena apite kukapempha ntchito ndi pakamwa, ine ndionetse manja.

Loweruka m'mawa ndinakweza thumba lija panjinga, n'kuwauza mayi a Rozita kuti ndibwera ndi matumba awiri. Ndinatolera njerwa, ndinadzaza pogumuka ponse, ndinapaka pulasitala mpaka khoma linasalala. Mabowo a zipolopolo ndinawatseka bwinobwino. Anthu anaunjikana n'kumangoyang'ana, ine kumayesa akusirira.

Amene anandiyankhula ndi a Bonomali, mdala wa ku Amaramba wogulitsa nsomba zouma. Anaimitsa njinga, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, wakutuma ndani?"

"Palibe, bambo. Ndikuthandiza boma."

"Ili linali khomo la loja yakale, momwe tonse tinkagula mchere ndi nsalu. Analiimika pano dala, mmene nkhondo inalisiyira, kuti ana adziwe tauni ino inali yotani. Wolikonza anachita kuchokera ku Lichinga."

"Ndiye kuti n'lomalizidwa kale?"

"Linali lomalizidwa, iwe usanabwere."

Lolemba anandiitana ku ofesi. Bwana wake sanakalipe, nayenso ankaoneka wotopa. "Ntchito yanu ndi yabwino, a pedereru," anatero, kutanthauza mmisiri womanga, "ndipo vuto lake ndi lomwelo." Anandipatsa hamala ndi tchizulo.

Ndinagwira ntchito yoswa pulasitala wanga yemwe padzuwa, anthu akundilangiza. Wina amati apa panali pogumuka kwambiri, wina amati bowo lija linali m'munsi pang'ono. Chimene chinandikhudza n'chakuti aliyense ankakumbukira pamene panalowa chipolopolo chilichonse. Za ntchito ya sikola sindinayerekeze n'kufunsa komwe. Simenti yathu ndinaisesa ili fumbi.

Kodi ndinaphunzirapo kanthu? Kaya. Ndikaona khoma logumuka, dzanja limandiyabwabe.

Mvula yoyamba inagwa masana, inaboola mphasa ija n'kunyowetsa ufa ndi mabulangete. Ndinaimirira kuti ndione pogwira. Mayi a Rozita anapitiriza kutola nyemba, osatukula n'komwe mutu.

"Lisiyeni khomalo, bambo a Rozita," anatero. "Nafenso tili ndi chikumbutso chathu."