Mpando Ndinaupereka kwa Wandevu

Mpando wabwino ndinaupereka kwa munthu wolakwika, ndipo mpaka lero mtima wanga sunapole.

Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo ya kwathu itatha, tinamanga kanyumba kudera la Nhartanda. Tsiku lina mlembi wa dera lathu anandiuza kuti kukubwera ophunzira atatu a ku yunivesite, ofuna udokotala wa m'mabuku. Amayenda pamodzi koma aliyense ndi ntchito yake: wina madzi, wina matenda, wina mbiri ya ife othawa nkhondo. Ndinati nthawi yakwana. Mapepala onse ndili nawo: khadi la chakudya la kumsasa, chiphaso cha pamalire, ngakhale kapepala ka kuchipatala kumene anamwalirira mkazi wanga. Ndinkafuna kuti nkhani yake ilembedwe molongosoka, yotuluka pakamwa panga.

Atafika sindinafunse kuti uyu ndani, uyu ndani (munthu wamkulu safunsa zoonekeratu). Mmodzi wa iwo, wandevu, ndinamukhazika pampando. Mnzake anapempha kukaona chimbudzi. Mtsikana wa nsapato zafumbi ndinamulozera mphasa ya kuseri, kumene kunali alamu anga a Nachisale, akulu ake a malemuwo.

Ndinayala mapepala patebulo. Ndinafotokoza za ulendo wapansi wa kumalire a Zobwe, za mvula, za maliro opanda abale. Ndinalira ndithu, pamaso pa mlendo. Wandevu ankangogwedeza mutu osalemba kanthu (ndinkati koma mutu wake ndi wogwira).

Nditamaliza anati, "Pepani kwambiri, papa. Nanga chitsime chanu chimaphwa mwezi uti?"

"Mbiriyi simulemba?"

"Wa mbiri ndi mnzathu mwamutumiza kuseri uja. Ine ndine wa madzi."

Ndinathamangira kuseri, mapepala ali m'manja. Mtsikana uja anali akuzimitsa kale kamakina kake kojambulira mawu, a Nachisale akupukuta misozi ya kuseka.

"Mwachedwa, alamu," anatero a Nachisale. "Zonse ndanena ine, ndi zanu zomwe."

Galimoto inali ikuwadikira, chifukwa makomo ena anali asanafikeko. Sanabwerenso.

Patapita zaka, mphwanga wa ku Maputo anandibweretsera tsamba la buku la mtsikanayo. Nkhani ya mkazi wanga ilimo, yolembedwa bwino, ndivomere. Koma ine ndilimo motere: mwamuna wake, amene pothawa anasenza bokosi la mapepala n'kusiya mabulangete.

Si zoona. Bulangete limodzi ndinatenga. Ndi limene ndinakutira bokosilo kuti lisanyowe.

Tsambalo ndalisunga pamodzi ndi mapepala ena aja.