Maliro opanda mtembo ku Suzhou

Kwathu ku Kasisi nkhaniyi ana anandiletsa kuinena pamaso pa alendo, koma ine chinsinsi sinditha kusunga, ngakhale changa chomwe.

Mwana wanga Maluba atamaliza maphunziro a zomangamanga mumzinda wa Suzhou ku China, anandiitana kuti ndikaone akulandira digiri. Mwambo utatha, mphunzitsi wake, mayi wachikulire wosamwetulira wamba, anatitenga kukaona munda wakale wa mumzindamo. Mayiyu ndiye anali woti agamule ngati Maluba apitirize maphunziro apamwamba komweko kapena alongedze katundu.

"Amai, napapata," anandinong'oneza Maluba pachipata mochonderera, m'Chinyanja chake cha m'tauni, "lelo musakambe maningi. Muziyangana chabe."

Munda wake si wa repu ndi tomato ayi. Muli maiwe a nsomba zofiira zonenepa (palibe amazidya, ndinafunsa), milatho yokhotakhota, nsungwi, ndi tinyumba takalekale ta madenga opindikira kumwamba. Mitengo ina ndi yokalamba kuposa agogo anga, koma imalekeza m'chiuno, ili phee m'miphika. Ine kukamwa yasa!

Awiriwo ataima kukambirana za denga lina, ndinatsogola ndekha. Ndipo ndinamva kulira. Anali mawu a mkazi, oonda, okoka, olasa mtima. Nditasuzumira m'kanyumba ka m'mbali mwa dziwe, ndinapeza anthu ali duu pamipando. Kutsogolo kunagwada mayi wovala zoyera, nkhope ili mbuu, akudziphimba kumaso ndi manja a malaya.

Kwathu sudutsa pamaliro, ngakhale a munthu wosamudziwa. Ndinasolola chitenje m'chikwama (sindiyenda wopanda chitenje, ngakhale mundege), n'kumanga. Ndinavula nsapato, ndinalambalala mipando, poti mkazi sakhala pampando pamaliro, n'kukakhala pansi pafupi ndi namfedwayo. Chinandipweteka n'chakuti khamu lonselo panalibe womugwira ngakhale phewa. Ndinamugwira ine. Kenako ndinatsegula kukhosi.

"Mayo ine! Mayooo!"

Mawu ndili nawo, a kwaya angandichitire umboni. Abambo awiri amene ankaimba zoimbira pambali (ine ndinkati ndi a mpingo) analekeza panjira. Namfedwa anandiyang'ana ndi diso limodzi, louma gwa. Anthu anakweza mafoni, ine mumtima n'kumati, anthu opanda mwambo inu, kujambula maliro!

Ndinangomva dzanja likundikoka.

"Amai! Iyi ni sewelo! Kulibe wamene wafa!"

Abale, ndinalakalaka dziwe lija litandimeza. Maluba anandidzutsa pansi paja. Kumbuyo kwake mphunzitsi uja anali ataima, nkhope osasintha. Ndinadziwa kuti ndamuphera mwana tsogolo ndi pakamwa panga.

Titatuluka, mphunzitsiyo anafunsa kudzera mwa Maluba chimene ndinachitira zimenezo. Ndinafotokoza mwambo wathu, maso ali pansi, nsapato zili m'manja. Mphunzitsiyo anayankhula motalika m'chinenero chawo.

"Bakuti chani?" ndinafunsa Maluba.

"Bakuti sewelo iyi ni ya mzimai wamene mwana wake ayenda kutali. Bayamba kuiona bali bang'ono, koma sibanaonepo muntu anyamuka kumutontoza." Maluba anapitiriza: "Bakuti futi tiyende tikamwe tiyi, tikambe za sukulu yanga ya chaka chamawa."

Ndinavala nsapato zanga, tinanyamuka. Tiyi wake anali wopanda shuga ndi mkaka, koma ndinamwa makapu angapo, ndikuthokoza Mulungu pa kapu iliyonse. Mphunzitsi wosamwetulira uja mpaka anaseka, n'kupempha kuti akhudze chitenje changa.

Phunziro ndinatolapo: ndisanakhale pansi, ndizifunsa kaye kuti watisiya ndani. Koma pobwerera, ndege itanyamuka, m'pamene zinandilowa kuti mwana wapeza malo, ndiye kuti kunyumba sabwera msanga. Ndinalira zenizeni, ndipo anzanga a m'mipando anangondiyang'ana, n'kubwezera timawaya tawo m'makutu.