Nkhondo ya Msomali wa mu Ofesi ya Sayansi

Inu amene munayala mtsinje wa Shire pakati pa Balaka ndi Machinga, ndi kuimika phiri la Chinguni kuti liziyang'anira mlatho wa pa Liwonde, tsegulani pakamwa panga ine wosayenera, kuti ndifotokoze nkhondo yaikulu imene inagwa m'masiku a mizere ya petulo, pamene dzuwa la Okutobala linkaphika mazira akadali m'mimba mwa nkhuku.

M'masiku amenewo Yunivesite ya Misangu, imene ili tsidya la ku Balaka, inamanga nyumba ya sayansi yoyera mbee ngati mkanjo wa ubatizo, ndipo inaitana aphunzitsi awiri atsopano.

Woyamba anali Dokotala Hamadi Ndaila, Mkango wa ku Ntaja, Woweta Dzuwa, Iye Woyeza Kuwala ndi Rula. Mibadwo ya maphunziro ake ndi iyi: Zomba anabala digiri ya fizikisi, digiriyo inapita ku Turkey nibala inzake, inzakeyo inaoloka nyanja kunka ku Malaysia nibala udokotala wa magetsi a dzuwa.

Wachiwiri anali Dokotala Dailesi Namakhwa, Mliri wa Mbozi, Nyenyezi ya ku Utale m'boma la Balaka, Iye Amene Agulugufe Amamuthawa. Lilongwe anabala digiri yake ya ulimi. Digiriyo inabereka ku Kenya. Ndipo mdzukulu wake anabadwira ku Norway, dziko limene dzuwa limapita ku tchuthi, natchedwa udokotala wa mbozi zodya thonje.

Ngwazi ziwirizi anazipatsa ofesi imodzi. Matebulo analipo awiri, mipando iwiri, makiyi awiri. Koma tsoka kwa ana a anthu, msomali pakhoma unali umodzi, wopindika khosi, umene amisiri anaiwala kuzula atamangirirapo chingwe chawo choongolera njerwa. Ndipo lamulo linatuluka kwa mkulu wa nthambi ya sayansi, Pulofesa Willard Matope, Mbusa wa Ophunzira, lakuti munthu asakhome kanthu pakhoma lililonse kufikira kontilakitala atapereka nyumbayo, pakuti khoma likang'aluka tsikulo lisanafike, kontilakitala adzasamba m'manja. Koma za tsikulo palibe ankadziwa, ngakhale Pulofesa yemwe.

M'mawa wa nkhondo, a Hamadi analowa atakumbatira felemu ya digiri yawo, napeza a Dailesi atakwera kale pampando, felemu yawo ili m'manja.

"Tsikani, achemwali!" inabangula motero ngwazi ya ku Ntaja. "Kodi msomali si chitsulo? Ndipo chitsulo si cha fizikisi? Ine ndinaphunzira m'maiko awiri a kutali, ndinadya zakudya zopanda dzina, kuti lero pepala langa likhale pansi pa tebulo ngati nsapato? Komanso tandiuzani, ku Norway kuja thonje munaliona m'munda mwa yani?"

A Dailesi sanatsike. Anayang'ana pansi monga mlaliki ayang'anira mpingo wogona, nati: "Pepani achimwene, ine ndinkayesa anthu amapita kunja kukafuna chimene kwawo kulibe. Inu kukwera ndege kukaphunzira dzuwa, mukuchokera ku Ntaja? Amayi oyanika makaka pa msika paja akanakupatsani digiri yomweyo popanda pasipoti."

Anakoleka felemu yawo, ndipo tsiku loyambalo linali la Balaka.

Koma Mkango sugona. A Dailesi atapita kukaphunzitsa, pepala la ku Norway linatsitsidwa mwaulemu ndi kutsamiritsidwa kuseri kwa chitseko, la ku Malaysia linakwera. Lachisanu masana a Hamadi atapita kukaswali, la ku Malaysia linatsika. Lamulungu a Dailesi ali ku Misa, a Hamadi, amene sanagwirepo ntchito Lamulungu chibadwire, anapezeka mu ofesi. Chotero masiku opatulika a zipembedzo zonse ziwiri anasanduka masiku a zifwamba, ndipo angelo anaphimba nkhope zawo. Ophunzira anagawanika pakati. A fizikisi ankati mbozi si sayansi koma ndiwo za ku Kasungu. A mbozi ankafunsa chifukwa chake ofesi ya Woweta Dzuwa imakhala mumdima magetsi akazima.

Pulofesa Matope anaitanidwa kudzaweruza. Anayeza mapepala onse awiri ndi maso, anawerenga zidindo, anapukuta thukuta, nagamula kuti nkhaniyi aitumiza ku komiti. Komitiyo inasankha kakomiti, kakomitiko kanapempha alawansi, ndipo sikanamvekenso.

Tsono, abale okondedwa, a Dailesi anali ndi chinthu mumtima chimene kunyada kunawaletsa kunena. Bambo awo, a Blasius Namakhwa, mlimi wa thonje amene anatsogolera mapemphero a m'mudzi mpaka tsitsi litayera, anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo dziko linkawazimira pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta. Mwana wawoyu atabwerako ku Norway anakhala nthawi yaitali pakhomo wopanda ntchito, anthu akuseka. Atamva kuti walembedwa ntchito, mkuluyo anati: "Pepala lili m'sutikesi ndinaliona kale. Ndikufuna ndilione lili pakhoma la yunivesite, maso asanatseke." Ndipo anatumiza mawu kuti akubwera Lachinayi.

Lachinayi linafika, ndipo pamsomali panali Malaysia. A Hamadi anali atakokera tebulo lawo pansi pake ngati linga, atakhala pamenepo ndi tiyi wawo.

"Lero lokha, a Dokotala," anatero a Dailesi.

"Iyayi, a Dokotala. Lero lokha limabala mawa."

Pamenepo Mliri wa Mbozi unavula nsapato, nukwera patebulo la mdani, kuponda mayeso a ophunzira a chaka choyamba. Mkango unakweranso. Wina anagwira felemu mbali iyi, wina mbali iyo. Anakoka kum'mawa, anakoka kumadzulo. Waya wa kuseri kwa felemu unakola khosi la msomali. Ndipo msomali uja, umene unapirira amisiri ndi makomiti, unazuka pamodzi ndi chibuma cha pulasitala chachikulu ngati mbale, nugwera mu tiyi wa a Hamadi.

Pulofesa Matope, amene anathamangira phokosolo, anaona dzenje pakhoma nagwira kumutu, akulira dzina la kontilakitala. Ndipo pomwepo inamveka ndodo ikugogoda pansi m'khonde, ndi mawu a munthu wokalamba: "Odi kuno! Ofesi ya Dailesi ndi iti?"

A Dailesi anatsika patebulo. Nkhope yawo, imene sinaope chisanu cha ku Norway, inagwa. "Ndi bambo anga," anatero motsitsa. "Maso akutha. Anabwera kudzaliona lili pakhoma."

A Hamadi anayang'ana dzenje, anayang'ana mnzawo. "Amwali inu, nthawi yonseyi osanena?" Anaponya Malaysia pampando, anatola pepala la ku Norway kuseri kwa chitseko, nalipukuta ndi malaya awo. Kenaka anakankha tebulo, anatsamira khoma ndi msana, nakweza felemuyo pamwamba pa mutu wawo ndi manja awiri, kuphimba dzenje lija. "Alowetseni."

A Blasius analowa atavala jekete la pa Khirisimasi. Mwana wawo anawatsogolera kukhoma. Mkuluyo anakweza nkhope, anatsinzinira, anasendera kufikira chidindo chofiira chitawala m'chifunga cha maso ake. Anachikhudza ndi chala. Kenaka anavula chipewa nati: "Tiyeni tipemphere."

Amene sanamvepo a Blasius akupemphera sadziwa kutalika kwa muyaya. Anayambira kwa agogo awo amene anachoka ku Mozambique ndi khasu limodzi. Anathokoza chifukwa cha mphunzitsi woyamba, a Hellen, amene anaphunzitsa Dailesi kulemba pamchenga pansi pa mtengo wa mango, natchula mphunzitsi aliyense, kalasi ndi kalasi, amoyo ndi ogona. Atafika sitandade faifi, manja a Hamadi anayamba kunthunthumira. Atafika fomu thu, thukuta linkagwa ku ndevu za Mkango ngati mvula yoyamba, ndipo felemu inayamba kupendekeka. Pamenepo a Dailesi anasendera mwakachetechete nachirikiza chigongono cha kumanja, Pulofesa Matope nachirikiza cha kumanzere, monga anachitira aja awiri paphiri ndi manja a Mose. Ndipo pepalalo silinatsike. Mkuluyo anaoloka Kenya, anapempherera Norway yense ndi nsomba zake, nawonjeza nyimbo ya mavesi onse.

"Amen," anatero a Blasius.

"Amina!" anafuula a Hamadi, ndi chikhulupiriro chimene sichinamvekepo m'nyumba ya sayansi.

Mkuluyo anavala chipewa. Anatambasula dzanja, napapasa pansi pa felemu, napeza ndevu zonyowa. Anazisisita mofatsa. "Maso anga ndi ofooka, koma mphuno ndi makutu zilipo. Ndinakumvani mukupuma chilowereni. Zikomo, a Msomali. Mulungu akudalitseni, mwaligwira bwino pepala la mwana wanga."

Mtendere unasainidwa masana omwewo pamaso pa ophunzira a mbali zonse. Anagwirizana kuti mapepala onse awiri agone m'kabati imodzi, ndipo kukabwera m'bale wa mmodzi, winayo azikhala msomali. Pulofesa anaphimba dzenje ndi kabati yomweyo, nalumbiritsa onse kuti sanaone kanthu. Anawiritsa tiyi m'mabotolo oyezera mankhwala, anagula mandasi beseni lathunthu. Koma itafika nthawi yogwirana chanza, zinapezeka kuti manja a Hamadi akana kutsika; anauma ali m'mwamba ngati nthambi za mlambe. A Dailesi anakwera pampando kuti awapatse moni wa mtendere, ndipo a Blasius anawadyetsa mandasi ndi dzanja lawo, akunyika mu tiyi.

Madzulo anamukweza Msomali wa ku Ntaja pa kabaza, Pulofesa akumangirira chikwama chake kumbuyo. Anaoloka mlatho wa Shire manja ali m'mwamba. Ndipo asodzi m'mabwato, amayi a nsomba, makondakitala a minibasi ndi apolisi a pa rodibuloko, poona bwana wa tayi akuwapatsa moni ndi manja awiri, onse anasiya zimene ankachita namubayibitsa mpaka anazimiririka ku Liwonde.