Ulendo Wanga Wokatapa Mchere ku Nyanja Yaikulu

Inu a Muhiwa, mukuseka chiyani? Mukuseka miyendo yanga yopindikayi? Sekani, koma nonse muli panonu palibe anafikako kumene inafika imeneyi, ndipo wotsutsa aimirire tione mapazi ake.

Nthawi imeneyo ndinkathyola tiyi ku esiteti, dziko lili la chipani chimodzi. Amayi anga anadwala n'kuyamba kukana chakudya. Phala ayi, kalongonda ayi, mkono unangotsala ngati phesi. Mchere m'nyumba unali utatha. Ndinathamangira kumsika wa Muloza, koma pachipata anyamata a malaya ofiira ananditsekera: wopanda kadi ya chipani salowa. Ine ndikuti amayi akufa, iwo akuti kadi. Ndinabwerako chimanjamanja.

Amayi atamva anati, "Usavutike, mwanaka. Wa pamsikawo si mchere. Mchere ndi uja ankabwera nawo bambo anga kuchokera kunyanja yaikulu ya ku Mozambiki."

Basi. Loweruka m'mawa ndinayala masamba a nthochi m'dengu lothyolera tiyi, n'kulibereka, mtsinje wa m'malire ndinaudumpha osanyowa ngakhale chala, ndipo ndinayenda mwaliwiro loti chithunzithunzi changa chinatopa n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tauni ya Milanje ku Mozambiki, chinachita kundidikira pobwerera. Mukumva? Anthu amati ndi ulendo wa milungu iwiri. Ine dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditalowa kale m'nkhalango ya kugombe.

Njira yake musaiyerekeze ndi timakwalala ta m'phiri lathuli. Yosalala ngati pakhonde pozira, njovu zinachita kuipondaponda, moti nkhalamba ya ndodo ikhoza kuyenda ikusenda chinangwa. Mitengo ya kumeneko siima ndi tsinde ngati yathu, imaima ndi miyendo m'matope, ndipo ukaitembenukira msana imasuntha, moti umodzi unanditsatira mtunda wonse ukundipatsa mthunzi mpaka ndinachita kuuthokoza kuti ubwerere kwa anzake. Nsomba zake zimakwera mitengo kukaothera dzuwa. Mukupukusa mutu? Ndi maso angawa, ndithu Mulungu!

Nditatuluka m'nkhalangomo ndinaona dambo loyera mbee, kufika kumene maso alekeza, mchere wokhawokha, udzu wake wamchere, mphepo yamchere, udzudzu ukakuluma umachita kulavula kuti munthuyu alibe kukoma. Nyanja inali itachoka, pajatu imakhala ndi maulendo ake, m'mawa kupita masana kubwera. Ndinagwada n'kuyamba kutapa.

Dengu litatsala pang'ono kudzaza, pansi panagwedezeka. Chimene ndinagwadirapo sichinali chulu ayi, inali nkhanu, kukula kwake ngati thirakitala ya ku esiteti, mphanda yake imodzi inandigwira m'chiuno n'kundikweza m'mwamba moti ndinaona phiri la Mulanje lili uko, ndi denga la nyumba yathu, utsi osatuluka. Mtima unandipweteka. Nkhanuyo ndinaiyang'ana m'maso ndi kunena kuti, "Nawenso ukufuna kadi?" Inachita manyazi. Inanditsitsa bwinobwino, n'kukokolola mchere ndi mphanda yomweyo kundidzazira dengu.

Apo n'kuti nyanja ikubwerera, madzi ataima ngati khoma la fakitale, akubangula kumbuyo kwangaku, ine liwiro, dengu kumsana, thukuta likuuma n'kusanduka mchere, mbuzi za m'midzi yonse ya m'njira zikunditsatira kunyambita mapazi anga, moti pofika kumalire zinali zambiri kuposa anthu a pamsonkhano, asilikali n'kuthawa poyesa kwabwera nkhondo. Mukumva?

Ndinafika dzuwa likadalipo. Ndinaphika phala, n'kuthiramo kamchere kambiri ndithu, n'kuwadzutsa amayi kuwatsamiritsa pachifuwa panga. Analawa kamodzi. Kenaka anati, "Mwanaka, nyanja ya masiku ano ikununkha palafini ndi sopo, ngati kantini ya Mpwitikizi wa pa Milanje."

Anaseka mpaka kutsokomola, kuseka koyamba mwezi wathunthu. Mbale ija anaimaliza, napempha ina. Anakhala ndi moyo mpaka kubereka kumsana ana anga onse.

Za palafinizo musandiyang'ane choncho, a Muhiwa. Sitima za panyanja mumayesa zimayendera thobwa?