Dothi Lathu Lapambana Mayeso

Kwa Bwana Wamkulu,
Bungwe la Tiwunike Nthaka.

Bwana wolemekezeka,

Kuno ku Milonde kwacha ndi mvumbi, phiri silikuoneka. Ndikulemba m'mawa uno chifukwa pamsonkhano wanu ndinakweza dzanja, koma mutandiyang'ana ndinayamba kukanda nalo m'mutu.

Choyamba, zikomo chifukwa cha makina anu oyezera dothi ndi kuwala kosaoneka ndi maso. Alangizi anu anati kuwalako kukagunda dothi, makina amajambula mizere yonena chonde chimene chilimo. Iwo sanatsike m'galimoto, nsapato zawo zinali zatsopano. Anatipatsira timajumbo pawindo kuti tikadzazemo tokha.

Chachiwiri, ndiulule. Munda wathu ndi mchenga ndi timiyala. Amayi anga anati n'zamanyazi kutumiza zotere kwa anthu a mumzinda, mlendo amapatsidwa chabwino. Choncho tinakatapa m'khola la mbuzi, tinasinja, tinapeta ndi lichero, n'kusefa kawiri.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha satifiketi. Makina apeza kuti munda wathu ndi wachonde kuposa minda yonse m'boma la Mulanje, ndiye mwatichotsa pa mndandanda wa olandira fetereza. Mwatikhomeranso chikwangwani pamunda. A Samueli, oyandikana nafo, anachita ulesi n'kutapa dothi pamsewu. Makina anawamvera chisoni, alandira matumba awiri.

Ndapita ku ofesi yanu kawiri kukafotokoza za mbuzi zija. Anandiuza kuti makina sanama. N'zoona, Bwana. Mbuzi zathu zimagona pa chonde, ndipo nazonso zikuthokoza.

Chamwano ndi chimanga chokha. Chalekera m'mawondo, chachikasu ngati nthochi yakupsa. Alendo amene mumawatumiza amajambula chikwangwani atafulatira chimangacho. Chikapanda kuthiridwa fetereza mwezi uno tidzakolola mapesi, ndipo pakhomo tilipo anthu asanu.

Fetereza sindikupempha, ndine yani ine kutsutsana ndi makina? Pempho langa n'laling'ono. Mutitumizire munthu wodziwa Chingerezi adzaime pakati pa munda, achiwerengere chimangachi satifiketi ija mokweza, mzere ndi mzere. Mwina chikamva kuti chili pa chonde chichita manyazi n'kukula. Ine ndayesa, koma sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndipo mawu anga ndi apansi.

Ine wanu wamng'ono, mwini munda wachonde,

Eneles Namakhwa.

Ndamaliza kulemba Lachinayi, pa 16 Januwale, nthawi ya 10 koloko m'mawa.