Futali ya kwa Che Saidi

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Ndikuilemba chifukwa pepala siliseka (cholembera ndinaphunzira kuchigwira ku sukulu ya kwacha ndili kale ndi imvi, ndiye mundipirire).

Chaka chatha kuchipatala anandipeza ndi shuga. Adokotala anati madzulo ndizidya dzuwa likadalipo, pang'ono pokha, kenako ndiziyenda ndawala mpaka thukuta, ndipo ndikabwerako pakamwa pasalowenso kanthu koma madzi. Akazi anga, mayi a Feliya, anamva zonsezi ali pambali panga. Anayamba kuphika msanga, ndipo nawonso anadzichepetsera chakudya kuti ndisamadye maso ali pa mbale yawo.

Ndinkayenda msewu wopita ku Migowi, ndipo poyamba zinkayenda bwino. Kenako unafika mwezi umene anzathu Asilamu amasala kudya usana wonse. Njira yanga inkadutsa pakhomo pa Che Saidi, mnzanga wogula nandolo, nthawi yomweyo imene dzuwa likulowa, iwo akumasula. Anandiitana. Ndinakana mwaulemu, koma anati mlendo wofika pa nthawi yomasula ndi dalitso, sabwezedwa. Ndinakhala pamphasa kuti ndingolawa.

Inali futali, mbatata yophika ndi nsinjiro, pambali pake tiyi wamkaka wotsekemera ngati uchi. Mawa lake ndinadutsanso pomwepo. (Njira zina zilipo, ndikudziwa.) Posakhalitsa ndinayamba kufulumiza phazi kuti ndisapeze atatsuka mbale. Kunyumba ndinkafika thukuta lili kamukamu, la tiyi wotentha, mayi a Feliya n'kumandiyamikira kuti ndikulimbikira.

Titapita kukayezetsa, shuga anali atakwera. Mayi a Feliya anadziimba mlandu okha. Anati mwina nsima ikuchulukabe, ndipo anayamba kugawa mtanda umodzi anthu awiri. Ndinkawamva akutembenuka pamphasa ndi njala, ine m'mimba muli tho. Sikanali koyamba mayi ameneyu kugona ndi njala ine nditakhuta kwina. Chaka cha njala chija, tikadali achinyamata, ndinachitapo zomwezo, ndipo mpaka lero sitinazikambepo.

Tsiku lina kunagwa mvula, sindinatuluke. Kutangoda tinamva odi. Anali akazi a Che Saidi, dzanja lina ambulera, lina mbale yovindikira.

"Abambo lero sanabwere, ndiye tati gawo lawo lisapite pachabe," anatero. "Nsinjiro tathira yambiri, paja amakonda choncho."

Ndinayang'ana denga ngati likudontha. Mayi a Feliya anathokoza bwinobwino, anafunsa za ana, anawaperekeza alendowo mpaka pamsewu. Atabwerako sanakalipe. Anakhala pansi, anavundukula mbale ija, n'kudya futali yonse pang'onopang'ono, ine ndikuonerera. Atamaliza anapukuta m'mbali mwa mbale ndi chala.

"Amaphika bwino anthu amenewa," anatero. "Inu abambo imwani madzi. Si mmene ananenera adokotala?"

Ndinamwa makapu awiri.

Kwathu kuno mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. M'mawa mwake ndinaitsuka ndekha, ndinadzazamo mtedza, n'kunyamuka nayo dzuwa litangotuluka, nthawi imene pakhomo pa Che Saidi, poti akusala, sipafuka utsi ndipo palibe amene angandipatse ngakhale kachidutswa ka mbatata.